Maola Amene Anasowa Pakati pa Toronto ndi Kaporo

Amayi anamwalira Lamulungu, nthawi yowokera mpunga. Mvula inali itagwa masiku angapo motsatizana ndipo madambo a kwathu ku Kaporo anali atadzaza madzi. Thupi lawo tinalisiya ku mochale ku boma, ine n'kubwerera kumudzi kukalandira olira.

M'banja mwathu tinabadwa ambiri koma tinatsala awiri, ine ndi mlongo wanga, chitsirizira cha amayi. Iye amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Canada, mumzinda wa Toronto, ndipo anali atatha zaka zambiri osabwera. Nditamuimbira kumuuza, sanalire pafoni. Anangoti, "Achimwene, ndikubwera. Musawaike ndisanawaone nkhope." Ine ndinavomera. Panthawiyo ndinkaganiza kuti ndavomera chinthu chophweka.

Mwini maliro anali bambo aang'ono, mng'ono wa malemu bambo athu, amene timangowatchula kuti tata. Pa unyamata wawo ankayendetsa malole opita ku Dar es Salaam, ndipo mpaka lero ukawatchulira malo aliwonse amayamba kufunsa za msewu wake. Ine ndimagwira ntchito pa chigayo chopuntha mpunga. Pakati pa abale amene anali pamaliro, ndine ndekha amene ndinamaliza Fomu 4, choncho nkhani ya ndege inagwera ine popanda wondifunsa ngati ndikuidziwa. Ndege ndinali ndisanakwerepo.

Mwambo wathu pa maliro uli ndi zinthu zomangana. Thupi limabwera kunyumba masana, n'kugona usiku umodzi pakati pa abale. M'mawa mwake anyamata amakumba manda, ndipo manda okumbidwa sagona opanda mwini wake. M'dzinja ngakhale wosasamala mwambo sangawasiye, chifukwa kwathu ukangokumba pang'ono madzi amayamba kutumphuka pansi. Komanso thupi likalowa m'nyumba silibwereranso ku mochale. Choncho zonse zimadalira tsiku limodzi, ndipo tsikulo amalitchula ndi munthu, pakamwa.

Lolemba mlongo wanga anaimba kuti wapeza tikiti. Ndinamvetsera bwino, n'kupita kukauza tata pakhonde pamene anakhala ndi akuluakulu ena.

"Akuti anyamuka Lachitatu m'mawa," ndinatero. "Ndege yoyamba imayenda maola khumi ndi atatu kapena anayi mpaka ku Addis Ababa. Kumeneko akwera ina, ya maola pafupifupi anayi. Atera ku Lilongwe Lachinayi masana."

Tata anatambasula zala. Anawerenga mpaka zinatha, n'kubwerezanso dzanja limodzi. "Lachitatu m'mawa, kuikapo khumi ndi anayi, ndi pakati pa usiku. Kuikapo anayi, ndi tambala woyamba wa Lachinayi. Nanga masanawo achokera kuti?"

"Pali kudikira pakati," ndinatero.

"Adikira kuyambira pakati pa usiku mpaka dzuwa kukwera? Ndege yake ndi ya matola, yodikira kudzaza?"

"Ayi, akuti ku Addis afika kutacha kale."

"Ndiye maola ena apita kuti?"

Ndinawauza kuti nthawi ya ku Canada ili m'mbuyo mwa yathu. Zimenezi sanazikane, chifukwa akuyendetsa malole ankasintha wotchi nthawi zonse pa malire a Songwe. Anafunsa ngati ndi ola limodzi ngati la ku Tanzania. Ndinati mlongo wanga amati ndi asanu ndi awiri.

"Chabwino. Ngati iwo ali m'mbuyo, ndiye kuti ali ndi maola osungira. Afika msanga."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, koma ndinapeza kuti sindikudziwa ngati maolawo amawonjezedwa kapena kuchotsedwa. Ndinakumbukira mphunzitsi wathu wa jogalafe akuzungulitsa mpira kutsogolo kwa tochi m'kalasi. Mpirawo ndinaukumbukira bwino, ngakhale chigamba chake. Mbali imene unkazungulira ndi imene inandithawa.

Tinaitana aphunzitsi, mnansi wathu wochokera ku Dedza amene amaphunzitsa pa pulayimale ya pafupi. Ndi munthu wofatsa, ndipo foni yawo ndi yaikulu. Chifukwa cha iwo tinasiya Chinkhonde n'kuyamba Chichewa. Anafufuza mtunda wochokera ku Toronto kufika ku Lilongwe, foni n'kupereka manambala awiri, ina ya makilomita, ina ya mamailosi. Ya makilomita inapitirira zikwi khumi. Tata anafunsa kuti zimenezo ndi maulendo angati a ku Dar es Salaam, aphunzitsi n'kuyamba kugawa, koma asanamalize wina anati chofunika ndi maola. Atafufuza maola, foni inapereka mayankho ambirimbiri. Ena anali osakwana tsiku, ena tsiku ndi theka.

"Msewu wake ndi umodzi kapena ingapo?" anafunsa tata.

"Ingapo, bambo. Zimatengera mzinda umene ndegeyo yadzera."

Anatisonyeza mapu. Ine ndinkayembekezera mzere woongoka, wotsetsereka kuchokera kumtunda kubwera kuno. Koma mzerewo unayamba wakhotera kumpoto, pamwamba pa nyanja yaikulu, kenaka n'kutsikira ku Ethiopia. Ndinafunsa chifukwa chake munthu wobwera kumwera akuyamba walowera kumpoto. Aphunzitsi anati dziko ndi lozungulira, ndiye njira yooneka yokhota pamapu ndiyo yachidule. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

"Musavutike, aphunzitsi," anatero tata. "Dalaivala aliyense ali ndi kokhotera kwake. Ife tinkati tikukathira madzi mu injini."

Akuluakulu anaseka chapansipansi, poti panali pamaliro.

Chimene chinatisokoneza kwambiri ndi mzere wachiwiri, wochokera ku Addis Ababa kupita ku Lilongwe. Unkadutsa chakumutu kwa nyanja yathu ino, pafupi ndi ife. Tata anauyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti bwalo la ndege lili pa boma lija ntchito yake n'chiyani. Aphunzitsi anati ndege zazikulu zochokera kunja sizitera pamenepo.

"Ndiye kuti mwanayu atidutsa pamutu, apite ku Lilongwe, kenaka abwerere pansi?"

"Ndi momwemo."

"Kuchokera ku Ethiopia maola anayi. Kuchokera ku Lilongwe, dziko lomweli, usiku wonse."

Koma mbali imeneyi tata anaimvetsa, chifukwa inali ya msewu. Ankadziwa mapiri a Chiweta ndi mmene amakhalira mvula ikagwa. Anapeza mwana wa mnzawo wakale amene ali ndi galimoto ku Lilongwe, kuti akamuchingamire kubwalo la ndege n'kunyamuka nthawi yomweyo. Anati akatero afika Lachisanu kukucha. Ndiye kuti thupi likatengedwe Lachinayi masana, maliro aikidwe Lachisanu.

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Ukunena kuti Lachisanu?"

"Tikiti ikutero."

"Tikiti siyankhula pamaliro. Ukunena iwe?"

Ndinawerenganso mumtima. Yankho linatuluka losiyana ndi loyamba lija, koma pamapeto pake panali mawu a mlongo wanga akuti Lachinayi masana, ndipo ndinagwira amenewo. "Lachisanu," ndinatero. Uthenga unapita kumipingo ndi kumidzi.

Lachitatu m'mawa ndinamuimbira kuti ndimufunire ulendo wabwino, ndikuganiza kuti ali pakhomo la ndege. Ndinamudzutsa kutulo. Kwawoko kunali kusanache n'komwe. Anati, "Achimwene, m'mawa wanga ndi madzulo anu." Chiganizo chimenechi chinandithandiza kuposa mapu onse aja, ndipo ndinadabwa kuti sindinamufunse choncho poyamba. Chakumadzulo analemba kuti wafika kubwalo la ndege, kunja kukugwa chisanu choundana chija amati sinowo. Pambuyo pake foni yake inati zii.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wolengeza. Amayi a kutchalitchi akamadutsa ndi ndowa ankandifunsa kuti mwana wafika pati. Ndinkati ali m'mwamba. Dzuwa linalowa ali m'mwamba. Kunacha Lachinayi, anthu anasamba, anamwa tiyi, iye ali m'mwambabe malinga ndi chiwerengero changa. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana mondikayikira n'kunena kuti, "Dzulo munatero." Inenso sindinkamvetsa kuti chinthu cholemera chotero chingakhale bwanji m'mlengalenga kuyambira madzulo mpaka kucha osatsika. Tata anafunsa kuti mafuta amathira kuti. Ndinati mwina thanki yake ndi yaikulu. Anandiyang'ana ngati mmene ankayang'anira othandizira awo pa lole.

Lachinayi dzuwa litakwera, galimoto yokatenga thupi inafika. Ine ndinafuna kuti tidikire kaye mpaka dalaivala wa ku Lilongwe atiuze kuti mlongo wanga watera. Koma mitambo inali itayamba kuda chakumapiri, ndipo pamsewu wotulukira kumudzi pali malo amene madzi amadutsa pamwamba mvula ikagwa kumtunda. Tikanachedwa, bokosi likanagona kutsidya kwa madzi, anthu atasonkhana kale kuno.

"Pakali pano ali pati?" anafunsa tata.

Ndinawerenga. "Ayenera kuti ali mu ndege yachiwiri."

"Walankhula naye?"

"M'ndege foni sizigwira."

"Ndiye tidziwa bwanji?"

"Sitidziwa."

Anayang'ana mitambo. Kenaka anati tiyeni.

Tinabwera nalo bokosi chakumasana, mvula ikuwaza. Amayi a kutchalitchi analilandira ndi nyimbo kuyambira kumsewu. Linalowa m'nyumba, analiika pamphasa pabalaza, kulira n'kuyambiranso mwamphamvu. Ndisanapukute n'komwe matope kumapazi, foni inalira. Anali dalaivala wa ku Lilongwe uja. Anati ndege yatera kalekale, anthu onse atuluka, ngakhale oyendetsa ake atuluka ndi zikwama zawo, koma mayi amene tinamutumizira chithunzi chake sanamuone. Anafunsa ngati sitinalakwitse tsiku.

Ndinapita kuseri kwa nyumba, pa nthochi, n'kuyambiranso kuwerenga. Ndinaganiza kuti mwina Lachinayi lake ndi Lachisanu lathu, monga m'mawa wake unali madzulo athu. Ndinaganizanso kuti mwina ndi Lachitatu lathu, ndipo anatera dzulo n'kusowa womulandira. Zonse ziwiri zinkaoneka zotheka. Panali chachitatu chimene sindinafune kuchiganiza, poti ndege nazonso zimagwa.

Mlongo wanga anaimba dzuwa lisanalowe. Anali ku Addis Ababa. Ndege yoyamba ija inachedwa kunyamuka chifukwa ankachotsa madzi oundana pamapiko ake, ndipo pofika anapeza yachiwiri itapita. Ina inali mawa lake, nthawi yomweyo. Ine ndinkamvetsera thukuta likuyenderera m'khosi, ndikuyesa kuganiza za madzi oundana pamapiko.

"Achimwene, amayi ali kuti?"

"Ali kunyumba."

Ndi mwana wa kuno, anadziwa tanthauzo lake. Nyimbo ankazimvanso pafoni. Sanandifunse chifukwa chake sitinadikire, ndipo ine sindinafotokoze.

Ndinapita kwa tata kukapempha Loweruka. Ndinawauza kuti akatera ku Lilongwe Lachisanu masana, kuno afika Loweruka kukucha. Za kubweza thupi ku mochale sindinatchule, chifukwa yankho ndinkalidziwa. Ndinangopempha usiku wachiwiri. Tata sanakane msanga. Anafunsa kaye ngati palibe ndege yopita ku Mbeya, poti kuchokera kumeneko kufika kwathu ndi pafupi kuposa ku Lilongwe. Mlongo wanga anakafunsa, ndipo anamuuza kuti ayenera kudzera ku Dar es Salaam n'kukagonanso kumeneko. Malo apafupi anasanduka akutali. Tata anapukusa mutu, n'kutuma munthu kukaitana mkazi wanga, amene anali m'gulu la amayi osamalira thupi.

Mkazi wanga anagwada chapatali, nayankhula motsitsa mawu. "Tata, ndi kutentha kuno, mawa dzuwa likafika pamutu bokosi liyenera kutsekedwa. Kaya muika, kaya simuika."

"Wamva," anatero tata kwa ine. "Tikadikira Loweruka apeza thabwa. Nkhope saipeza. Ndipo anthu awa asiya mbande zawo m'madzi."

Ndinamva. Chimene mlongo wanga anapempha si kuona bokosi.

Aphunzitsi ndi amene anatchula za kuimba foni yoonetsana nkhope. Anati mlongo wanga ali pabwalo la ndege pamene pali intaneti, ndiye m'mawa amayi akamaliza kukonza thupi tikhoza kumuonetsa asanakwere. Wina anati bwanji tingojambula chithunzi n'kumutumizira. Apa tata anakana ndithu. Anati chithunzi chimatsala m'foni, mawa chili kwa uyu, mkuja chili kwa uyo, ndipo mlamu wawo sadzayendayenda m'matumba mwa anthu atatseka maso. "Kuona aone, monga aliyense adzaonere n'kudutsa. Kusunga ayi."

Ndinamuuza mlongo wanga. Anati ndiimbe isanakwane naini koloko ya kumeneko, chifukwa ikakwana amayamba kulowetsa anthu m'ndege. Nthawi ya ku Addis Ababa ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi, chimodzimodzi ya ku Tanzania. Ndiye kuti kwathu isanakwane eyiti. Pa sabata yonseyo, chimenechi ndicho chinthu choyamba chimene ndinachimvetsa popanda kufunsa kawiri.

Koma kwathu kuli vuto limene anthu a ku Lilongwe salidziwa. Tili pafupi ndi malire, ndipo foni zathu nthawi zina zimagwira netiweki ya ku Tanzania. Zikatero wotchi ya m'foni imadumpha yokha ola limodzi kupita patsogolo. Ukasuntha, kapena mphepo ikasintha, imabwerera osakuuza. Tinazolowera. Munthu akakuuza nthawi umafunsa kuti ya kuno kapena ya kutsidya, ndipo akakayika mumayang'ana dzuwa.

Lachisanu m'mawa kunalibe dzuwa. Kunali mitambo yokhayokha. Anyamata anali atapita kale kumanda ndi makasu ndi ndowa zokapira madzi. M'nyumba amayi anali atatseka chitseko, akukonza thupi, ndipo amuna saloledwa kulowa mpaka atamaliza. Ndinayang'ana foni yanga, inati eyiti yatsala pang'ono. Ndinagogoda. Mkazi wanga anasuzumira n'kunena kuti sanamalize.

"Nthawi yatha," ndinatero.

"Ya kuno kapena ya kutsidya?"

Ndinayang'ananso foni. Sinanene. Yake inali itazima, poti magetsi kunalibe. Ndinafunsa tata, amene anasiya kuvala wotchi atasiya malole. Anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana anthu amene anali asanamwe tiyi, n'kunena kuti kukuoneka kuti kudakali m'mawa kwambiri. Anati dzulo lonse ndinkaimbira pa nthochi paja, ndipo pamenepo pamagwira ya ku Tanzania. "Chotsapo limodzi. Asiye amayiwo amalize bwino, mwana asaone mayi ake asanakonzeke."

Zinamveka zoona. Ndinakhala pansi. Ndinalemba uthenga kwa mlongo wanga kufunsa kuti kumeneko ili bwanji nthawi, koma uthengawo sunapite, unangokhala ndi kachizindikiro kodikira.

Patapita kanthawi aphunzitsi anafika atavala jekete la kumaliro. Anandipatsa moni n'kufunsa kuti zayenda bwanji, mlongo wanga waona?

"Sitinaimbe. Nthawi ikadalipo."

Anakweza mkono wa jekete. Iwo amavala wotchi ya pamkono, imene sidziwa za malire. Eyiti inali itadutsa.

Sindikumbukira kuti ndinanena chiyani pachitseko. Ndikukumbukira kuti amayi anapatuka, wina akudandaula kuti sanamalize, ndipo mkazi wanga anachotsa nsalu kumutu kwa bokosi. M'nyumbamo netiweki ndi yofooka, ndiye aphunzitsi anatsegula zenera ngati kuti ilowera pamenepo. Ndinaimba. Inalira nthawi yaitali. Kenaka nkhope ya mlongo wanga inaoneka, ikugwedezeka. Anali panja, akuyenda pamzere wa anthu, mphepo ikumuwomba, kumbuyo kwake kukumveka chiphokoso cha injini.

"Achimwene, tikukwera. Fulumirani."

Pali kabatani kotembenuzira kamera, koma zala zanga sizinakapeze. Ndinangotembenuza foni yonse, kuilozetsa kwa amayi. Potero ine sindinkaonanso chimene iye ankaona. Ndinaigwira chapafupi, kenaka ndinaganiza kuti ndayandikitsa kwambiri, n'kuibweza pang'ono.

"Ukuwaona?" ndinafunsa.

Sanayankhe. Ndinaganiza kuti akulira, ndiye ndinamusiya. Ndinagwirabe foniyo mpaka mkono unatopa. Nditaitembenuza ndinapeza kuti inaduka kale. Sindinadziwe kuti inaduka liti, kaya nditangoitembenuza, kaya pamapeto. Ndinaimbanso kangapo, osalowa. Mkazi wanga anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana aphunzitsi. Tata anali pakhomo. Anafunsa kuti waona? Ndinati sindikudziwa.

Anthu anaona nkhope monga mwa mwambo, akudutsa mmodzimmodzi. Dzuwa lisanafike pamutu bokosi linatsekedwa. Kumanda anyamata anakapa madzi komaliza, n'kuyala masamba a nthochi pansi. Abusa akupemphera, aphunzitsi anandinong'oneza kuti mwa kuwerenga kwawo ndege ija iyenera kuti ili chapamwamba pathu tsopano, kapena yangodutsa kumene. Ndinayang'ana. Kunali mitambo, ndipo sindinamve kalikonse kupatula achule m'dambo. Dothi loyamba ndinaponya ine, kenaka ndinaponyanso lachiwiri m'malo mwa mlongo wanga, monga tata anandiuzira.

Atatera ku Lilongwe analemba mawu ochepa, kuti wafika ndipo ali m'galimoto. Za foni ija sanatchule. Ine sindinafunse. Funso lotero sulifunsa munthu ali pamsewu.

Anafika Loweruka m'mawa, anthu akutali atayamba kale kubalalika. Anatsika atanyamula chijasi chachikulu pamkono, maso atatupa. Analowa m'nyumba n'kulira ndi amayi amene anatsala. Tata anamulandira ndi mawu ochepa. Anamufunsa za msewu wa ku Chiweta, iye n'kuyankha kuti anadutsapo mumdima, sanaone kanthu. Kenaka anamufunsa kuti zonse pamodzi wayenda maola angati. Anaganiza, n'kunena kuti sakudziwa, anasiya kuwerenga ali ku Addis, ndipo thupi lake likumuuza kuti udakali usiku. Tata anandiyang'ana.

Atamwa tiyi ndinamuperekeza kumanda, awiriwiri. Mtumbira unali utatsika kale mbali imodzi chifukwa cha mvula. Anagwada m'matope ndi nsapato zake za kunja zija. Ine ndinaima patali. Anakhalapo nthawi, akulankhula motsitsa, ndipo sindinayese kumva.

Pobwerera tinadzera m'mphepete mwa minda. Anthu anali atabwerera kale kowokera, ataweramira m'madzi, ndipo ankaweramuka kutipepesa tikamadutsa. Kanjirako n'kopapatiza, ndiye iye anali patsogolo, ine pambuyo. Mwina n'chifukwa chake ndinatha kufunsa, poti sankandiyang'ana.

"Unawaona?"

Anayenda pang'ono asanayankhe. "Chithunzi chinaima."

"Chinaima bwanji?"

"Mutangotembenuza foni, chinaima. Mawu anaduka, koma chithunzi chinatsala pomwepo, osasuntha. Kuyambira pachipumi mpaka pamphuno. Pakamwa sipanaoneke, panali chala chanu."

Ndinati pepa. Anati ayi.

"Ndinakwera nacho masitepe. Ndinakhala nacho pampando. Sindinakhudze paliponse kuopa kuti chichoka. Ndinawayang'ana mpaka mtsikana wa m'ndege anabwera kachiwiri kudzandiuza kuti ndizimitse." Anaima kuti adumphe ngalande, n'kupitiriza. "Nditayatsanso ku Lilongwe panalibe."

Tinayenda mpaka pamene kanjira kamakumana ndi msewu wa kumudzi. Pamenepo anatembenuka.

"Duku la buluu lija anawamanga ndani?"

"Alamu ako."

"Sankalikonda limene lija. Ankati limawadetsa." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Musakawauze alamu."